Supuni ya Dona

Dona wa ku Sandton wawerenganso masupuni lero.
Akuti imodzi yasowa,
maso ali pa chikwama changa.
Ndati "pepani madamu," ndaluma lilime,
mkwiyo ndaupinda bwinobwino ngati malaya ositasita.

Pa Bree woyendetsa takisi wandikalipira
chifukwa moni wanga ukununkha kwathu.
Ndangoyang'ana pawindo.
Mapepala anga adatha mu Epulo.

Koma usiku, m'kachipinda kathu ka ku Yeoville,
tili asanu, magetsi athawa,
Esinati wavala mopu kumutu,
wakweza mphuno, akuyenda monyang'wa:
"Supuni yangaa! Itanani apolisi!"
Lufeyo wasanduka galu wa dona,
akuuwa m'Chingerezi.

Taseka mpaka nthiti kuwawa,
mpaka mwininyumba wamenya khoma,
ndiye tamuyeseza nayenso, monong'ona,
misozi ili chuchuchu.
Kaya ndi ya phwete,
kaya ndi ya mwana wanga ku Ntcheu
amene pafoni wayamba kunditchula anti.

Kutacha, supuni yapezeka m'mbale ya galu.
Dona sanapepese.
Ndasunga nkhope yake yonse m'mutu,
ndikamupatsire Esinati madzulo.