Wosema Ziliza wa ku Chemusa Awerenga za Afarao

Ndaziona waiwala buku lake la sukulu pa benchi yanga,
pakati pa tchizulo ndi fumbi la mwala.
Ndalipukuta ndi malaya, ndalitsegula,
ndakumanamo ndi anthu a ntchito yanga
amene anafa zaka zikwi zitatu zapitazo.

Akuti ku Iguputo mfumu ikangokhala pampando
inkayamba kukonza manda ake.
Ndaseka ndekha.
A Makwinja a ku Namiwawa anabwera mu Epulo,
amoyo ndithu, mimba patsogolo, makiyi akulira m'manja:
"Changa chitalike kuposa cha mlamu wanga.
Tsiku lobadwa lemba. Linalo siya malo."
Analipira theka.
Theka linalo ndikudikirabe, pamodzi ndi tsikulo.

Tsamba lina lili ndi mayi
amene anavala ndevu zochita kupanga nalamula dziko.
Anatumiza zombo kutali, namanga kachisi patsinde pa phiri.
Atapita, wina anatuma amisiri
kukagoba nkhope yake pamakoma.
Dzanja langa likuidziwa ntchito imeneyo.
Chaka chatha ana a mkazi wamkulu anandipatsa ndalama
kuti ndifufute dzina la mkazi wamng'ono
pa chiliza cha bambo wawo.
Ndinafufuta.
Koma mvula ikagwa, madzi amatsalira m'zipsera
ndipo dzinalo limadzuka lili lonyowa:
Esinta.

Pali wina analamula mpaka mano kuguluka,
dzina lake ankalisema mozama, paliponse,
ngakhale pa ziboliboli za anzake.
Pali kamnyamata kanafa kasanakwane zaka makumi awiri,
manda ake aang'ono anakwiririka ndi zigumukire,
anthu naiwala khomo.
Lero ndiye amene ali pachikuto cha buku.
Kuiwalika ndiko kunamusungira dzina,
taonani zimenezo.

Koma amene andigwira mtima ali m'munsi mwa tsamba,
m'tizilembo tofuna magalasi:
amisiri a manda a mafumu, tirigu wawo atachedwa,
anatula zida pansi, nakakhala pakachisi,
nati, tili ndi njala.
Ndamuwerengera Fanuelo mokweza,
kuti amve kuti mavuto athu sanayambe dzulo.
Wasiya kupukuta mwala, wandiyang'ana:
"Nanga yanga ya Juni, bwana?"

Ndatseka buku.
Sindinkadziwa kuti nanenso ndine Farao wa munthu wina,
Farao wa shedi ya malata asanu ndi limodzi.

Kunja maminibasi akuitanira a ku Chirimba,
utsi wa mbaula wayamba kukwera ku Mbayani.
Ndirande waima pomwe amaima,
palibe anamusenzera miyala, palibe wagona mkati mwake,
ndipo safuna kulembedwa dzina.
Mudi si Nailo, sabweretsa chonde,
amangonyamula majumbo ndi thovu la m'mafakitale,
koma nafenso m'mbali mwake timafuna kukumbukiridwa,
aliyense ndi kamwala ka msinkhu wa thumba lake.

Woumba mbiya amadyera m'phale.
Bambo anga agona ku Chilomoni zaka khumi ndi zitatu
pansi pa chitsulo chimene dzimbiri ladya zilembo zake.
Ndimangoti mwezi wamawa.

Ndaziona wabwera akuthamanga, mawa ali ndi mayeso.
"Ababa, ndani anamanga piramidi yaikulu ija?"
Ndamuuza: lemba dzina la mfumu, mwanawe, ukhoze.
Koma uzidziwa kuti panali wina
amene chala chake chinaphwanyika ndi mwala Lachiwiri,
namanga kansanza, nabwereranso Lachitatu.

Wapita ndi buku lake.
Ndawerenga ndalama za m'kachitini, ndamupatsa Fanuelo.
Sizinakwane.
Chiliza cha a Makwinja chatsamira khoma,
dzina lagolide likuwala mumdima,
ndipo pamalo opanda tsiku paja
pakhala buluzi, akuwotha kutentha kotsala.