Masamba Makumi Anayi

Disembala ku Valparaíso ndi mwezi wa thukuta.
Mazenera onse pululu, mphepo ya kudoko ikununkha nsomba ndi dizilo,
ine pathebulo la kukhitchini, kompyuta patsogolo,
zithunzi zikwi zitatu ndi mazana awiri
zikulimbirana masamba makumi anayi.

Wosindikiza wa mumsewu wa Condell ananeneratu:
"Mayi Eloísa, Lachisanu likadutsa musadzandilirire."
Chaka chilichonse amatero.
Chaka chilichonse ndimachedwa.

Januwale savuta.
Amaro m'nyanja mpaka m'chiuno, akunjenjemera ngati mwanapiye,
poti madzi akuno sadziwa chilimwe.
Febuluwale ndi chivwende, njere zitamata pachibwano.
Malichi, yunifolomu yatsopano, manja a malaya ataphimba zala;
pofika tsamba la Novembala
malaya omwewo asiya mikono pamtunda.

Maite wadutsa kumbuyo kwanga, tsitsi likudontha.
"Amayi, mnyamata uja mumuchotse."
Wagitala uja, amene anadzaza Epulo yense.
Ndamudula.
Latsala dzanja lokha paphewa la mwana wanga,
zala zinayi zopanda mwini.
Zikhale. Chaka sachitsuka ngati mbale.

Amene wandiimitsa ndi Julaye.
Mvula, makwerero a phiri lathu akuterera,
bambo anga a Evaristo pabedi la kuchipatala.
Zithunzi zisanu ndi chimodzi basi, zonse zambuu.
Pa chimodzi akuseka, mano oikirira ali m'kapu,
ndipo chimene chinawaseketsa ndaiwala.
Ndachiika. Ndachichotsa.
Ndanyamuka kukatereka ketulo.
Pobwera ndachiikanso, chokhachokha pakati pa tsamba,
kunsi kwake osalembako kanthu.

Ogasiti alibe chithunzi.
Foni inagona m'chikwama mwezi wonse.
Makina akundifunsa mwaulemu
ngati ndikufuna kuchotsa tsamba lopanda kanthulo.
Ayi. Lisiyeni liyere choncho.

Seputembala, makaiti mbwee m'mlengalenga,
Renato akuwotcha nyama padenga, utsi uli m'maso,
ndi mpando umodzi umene aliyense ankaulambalala
mpaka mphaka anadzaukhalira.

Kenaka ndayamba kudzifunafuna.
Kodi ine ndinali kuti chaka chonsechi?
Mthunzi wautali pamchenga, Januwale.
Nsonga ya chala pakona, Meyi.
Okutobala, m'galasi la kangolo kokwera phiri,
mayi wina wa imvi zimene palibe anandiuza,
foni itamuphimba theka la nkhope.
Ndi yemweyo. Alowe nawo.

Pashelefu pali mabuku khumi ndi anayi,
lililonse chaka chake chili pamsana.
Loyambirira lili ndi zipsera pakona,
Amaro analiluma ali ndi mano awiri.
Lachisanu ndi chiwiri ndinalemba dzina la mlamu wanga molakwika
ndipo mpaka lero sanandikhululukire.
Bambo ankawatsitsa Lamulungu masana,
kunyambita chala, kutembenuza tsamba,
mpaka zaka zomalizira pamene ankaloza nkhope yawo yomwe
n'kufunsa, "Nanga mkulu uyu ndani?"
Tikawauza ankagwedeza mutu:
"Akuoneka munthu wabwino."

Usiku wapita.
Agalu a phiri lino akuyankhana ndi a phiri linalo,
sitima ina yalira kudoko.
Ndadina potumizira.
Chaka chonse chikukwera pang'onopang'ono,
kamzere kobiriwira kakukwawa, kuima, kukwawanso.

"Pachikuto waikapo chiyani?"
Renato akufunsa ali kuchipinda, mawu odzaza tulo.

Kaiti ya Amaro, ija inakodwa pamawaya a magetsi.

Ikadali pompo, ndikuiona pazenera.
Dzuwa laisulutsa, mchira unathothoka kale,
koma mphepo ikabwera kuchokera kunyanja
imadzukabe n'kukoka chingwe.