Apilo Yachitatu

Pa fomu anajambulapo munthu wamaliseche,
wopanda nkhope, manja atatambasula,
pansi pake n'kulemba kuti: chongani pamene munavulala.
Mnzanga Dzingai anachonga pabondo.
Mlandu wa bondo suchedwa,
mwendo ulipo kapena palibe.
Ine ndinagwira bolopeni mpaka inaterera ndi thukuta.

Lero ndalawirira ku Mabvuku nyenyezi zikadalipo,
kombi yandilavula pa Fofu, fumbi la simenti lili m'nsapato.
Jakaranda wayala maluwa mumsewu monse
ngati kukubwera munthu wofunika.
Ofesi ili pa nsanjika yachisanu.
Chikepe chinafa chaka chatha,
ndipo sitepe iliyonse mtima ukugogoda
ngati mwini ngongole pachitseko.

Mai Gondo a pawindo amandidziwa.
Amati Sekuru, fayilo yanu ikufunidwabe.
Kalaliki wina, kalekale, anameza chilembo m'dzina langa.
Ndine Katsekera, mwana wa Gelesomu wa ku Ntcheu
amene anafika kuno wapansi kudzaphikira azungu,
koma m'kabati mwawo ndine Kasekera.
Zaka zinayi akhala akusaka munthu wosekerera.
Sanamupeze.

M'katimo madokotala atatu, tebulo lalitali, madzi a m'botolo.
Wapakatiyo ndi msinkhu wa mwana wanga wotsiriza.
Chithokomiro, akutero, mofatsa ndithu,
ngakhale amayi a kumudzi osagwirapo mfuti ali nacho.
Tipatseni umboni kuti chinayamba muli pa ntchito.

Umboni.
Zaka zisanu ndinalondera njanji ya ku Beira.
Namwino wa pakampu anali ndi matenda amodzi okha m'buku lake.
Manja akanjenjemera, malungo.
Lamba akafuna bowo latsopano pamene ndikudya za anthu awiri, malungo.
Maso atayamba kutong'oka anzanga anati
ameneyu ndiye woyenera kulondera usiku,
sagona, ndipo amaona mbali zonse.
Ndinaseka nawo.
Bukulo linanyowa powoloka Pungwe, inki n'kupita ku nyanja.

Ndiye ndikupisa m'thumba la jekete.
Pepala ili ndalibisa zaka makumi atatu
m'chitini cha mabisiketi, pansi pa makadi a ubatizo,
mkazi wanga mpaka kumwalira osaliona.
Ndi pepala la mlandu.
Lili ndi chidindo, tsiku, ndi siginecha ya Sajeni Mhlanga:
msilikali uyu wafola pa perete batani la pakhosi losamanga,
wauzidwa kawiri, wati kolala yamuthina.
Chilango: masiku asanu ndi awiri kukumba zimbudzi.

Ndinakumba.
Ndipo ndicho chokha chimene boma linalemba za khosi langa.

Wapakati uja akulitembenuza ndi zala ziwiri
kuopa kuti lingathetheke.
Akuyang'ana pepala, akuyang'ana chipsera cha mpeni wa ku Pari
chimene chandizungulira ngati mkanda wa mkwatibwi.
Wa kumanzere akufunsa ngati Sajeniyo ali moyo.
Ayi. Ali ku Mbudzi, mzere wa kumpanda.
Wa kumanja akuti dzina la apa lili ndi chilembo choonjezera.
Ndikuti inde bwana, limenelo ndiye ine.

Ati ndibwerenso m'Malichi.

Kutsika n'kosavuta, mawondo okha ndiwo amadandaula.
Pansi pali mnyamata wogulitsa maputi,
ndikugula paketi kuti ndisinthitse ndalama ya kombi.
M'thumba muli mapiritsi khumi ndi anayi.
Ndikawabenthula pakati ndi lezala akwana mwezi,
masana ndizizidwa, ndiiwala kumene ndasiya makiyi,
koma akwana.

Pagalasi la sitolo ya nsapato ndikuima pang'ono.
Ndikumanga batani la pakhosi.
Masiku ano limamangika bwinobwino,
chala n'kulowanso,
pamene palibe wondiitanira ku perete.