Mphindi Khumi ndi Zisanu ndi Zitatu

Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse
lipenga la pansanja limalira bodza,
ndipo ine Yusniar, mphunzitsi wa ana a zaka zisanu ndi zinayi,
ndimadina wotchi n'kukankha chitseko.
Siyani zikwama. Nsapato ikavuka, ileke.
Osathamangira kwanu, amayi ako njira akuidziwa.

Anabwera ndi mapu anthu a ku Padang,
mapu ofiira m'mphepete ngati chilonda chosapola,
nati: nthaka ikagwedezeka mpaka munthu kulephera kuima,
muli ndi mphindi khumi ndi zisanu ndi zitatu.
Sukulu yathu ili m'kati mwa kufiirako.
Msika nawo. Mzikiti. Manda a bambo anga.

Timadutsa pa Syafril wowotcha nsomba,
amene amatiseka utsi uli m'maso:
"Mwayambanso kuthawa mphepo?"
Timadutsa maiwe a bwana wa mumzinda
pamene kale panali nkhalango yoima m'matope amchere,
mizu yake pamtunda ngati miyendo ya nkhanu,
yothyola msana wa funde lisanaone khomo la munthu.
Anaigwetsa chaka chimene ndinakwatiwa.
Tsopano tikubzalanso Loweruka lililonse, matope m'ntchafu,
koma mtengo sumva changu cha munthu:
mbande zangondifika m'bondo,
ndipo mbuzi zadya kale mzere wakumpoto.

Mivi yobiriwira pa mapolo a magetsi
tinapenta ndi mlamu wanga.
Wina anamata nkhope ya wofuna mavoti pa muvi wapamphambano.
Ndinaisenda ndi zikhadabo.

Masitepe a phiri alipo zana limodzi ndi makumi anayi.
Afrizal, wa mwendo wopuwala, amakwera ndi ndodo,
go, go, go, thukuta kamukamu.
Mwezi wa Malichi anafika pamwamba
patapita mphindi makumi awiri ndi zitatu.
Ndinayang'ana wotchi, ndinayang'ana mwana,
n'kulowetsa wotchi m'thumba.
Iye, akali wefuwefu, anafunsa:
"Aphunzitsi, ineyo ndamira, eti?"

Usiku umenewo mpunga unandikanika kukhosi.

Nzeru inachokera kwa Desnita, kamtsikana kaphokoso kaja.
Anabwera ndi nsalu ya agogo ake ndi nsungwi ziwiri,
nagawa anzake anayianayi, osinthana pa masitepe makumi atatu alionse.
Anamugwetsa kawiri poyeserera. Anatukwanizana.
Afrizal anati iye si thumba la makala.
Koma lero ndadina wotchi pamwamba,
mitu yonse makumi atatu ndi umodzi nditawerenga kawiri:
mphindi khumi ndi zisanu ndi imodzi.

Kuchokera kuno nyanja yagona chete
ngati ng'ombe yobzikula pamthunzi.
Tsoka silinunkha, ana inu.
Mukadzaiona ikubwerera m'mbuyo,
ikuvula gombe mpaka kuonetsa miyala imene simunaionepo,
nsomba zili phiriphiri pamchenga,
musatole ngakhale imodzi.
Si mphatso imeneyo. Ikukoka mpweya kuti ifuule.
Ndipo lipenga musalidikire;
magetsi amafa msanga kuposa anthu.

Amandiyankha pamodzi ngati akuloweza masamu,
maso ali kwa wogulitsa madzi a kokonati.
Sindidziwa chimene chidzatsale m'miyendo mwawo
tsiku limene nthaka idzanene zoona.
Kaya kudzakhala usiku. Kaya mvula.
Kaya ine ndidzakhala ndili kumsika, kapena m'manda ofiira aja.

Potsika, Syafril sanaseke.
Anatembenuza nsomba, osandiyang'ana,
nafunsa chapansipansi ngati wopempha ngongole:
"Lero zingati?"
Ndinamuuza.
Desnita ndi mwana wake.
Anasisita bondo lake lotupa, nayang'ana phiri nthawi yaitali.
"Munthu ngati ine," anatero, "zingamutengere zingati?"

Ndinati, bwerani Lachinayi la mwezi wamawa, tidzaone.
Nsomba mudzazisiye pamoto.