Tepi ya Telala wa pa Lizulu

Mnyamata wokonza mafoni uja wandiwerengera:
kuchoka ku Joni kudzatera ku Lumbadzi,
makilomita chikwi ndi mazana asanu, kuchotsako pang'ono.
Maola awiri ndi theka, akuti,
nthawi imene ine ndimathera pa kolala ya jekete imodzi
ulusi ukamavuta.

Ndatenga tepi yanga, ndayala pa mapu
a pachikuto cha kope la mwana wasukulu:
mainchesi awiri osakwana.
Chigamba cha pabondo chimaposa pamenepo.

Za maiko ndimazidziwa ine, musandione chonchi.
Makina anga ali ku Malawi,
tiyi ndimakamwera ku Mozambiki,
tsidya lina la msewu, mapazi khumi ndi awiri,
kudikira kaye lole ya kabichi idutse.
Palibe anandifunsapo pasipoti.

Koma Feliya popita sanauluke.
Anakwera basi pa Dedza, chikwama pamiyendo,
Tete, Nyamapanda, Beitbridge,
mausiku awiri, mapazi kutupa ngati mbatatesi ya ku Tsangano.
Anati, Bambo, Khirisimasi ndibwera.
Makhirisimasi adutsa asanu ndi awiri.
Amayi ake tinawaika iye akumvera pa foni,
mayunitsi anatha nyimbo yachiwiri ili pakati.

Ndiye ndikufunseni inu ophunzira:
maola awiri ndi theka aja
mumayambira pati kuwerenga?

Loweruka akubwera pa ndege, abwana ake amugulira tikiti.
Akubwera ndi mwana amene ndimangomuonera
pa galasi long'aluka la foni.
Dzina lake Thandeka. Zaka zisanu.
Ndikumusokera diresi popanda muyeso,
ine amene sindinadulepo nsalu mongoganizira.
Ndayezera pa mwana wa Nandau wogulitsa anyezi,
ndasiya mpendero waukulu mkati
kuti likakhala lalifupi ndidzamasule.

Akuti Chichewa chake ndi "zikomo" ndi "agogo" basi.
Zikwana.
Inenso Chingoni cha makolo anga
chinatsalira m'nyimbo za ngoma zokha,
ndimavina mawu amene sindiwamva.
Mwina kamwanaka ndi kamene kadzandiuze
zomwe ndakhala ndikuimba zaka zonsezi.

Masana ano, nkhungu itabalalika,
m'mwamba mwadutsa kamzere koyera
ngati choko changa pa nsalu yabuluu.
Kaya ndi njira yawoyo, sindikudziwa.
Ndaimitsa phazi pa chopondera,
ndayang'ana mpaka kafufutika.

Bambo wa zipi uja wakhosomola kawiri.
Minibasi yake ya ku Balaka yatsala anthu atatu kuti idzadze,
ndipo buluku lake likadali m'manja mwanga.