Khoma la Pansi pa Mlatho wa Oshodi

Disembala akafika amandipatsa ndowa, chopalira ndi malaya a khonsolo,
akuti Lagos alowe chaka chatsopano atasukusula.
Ndiye ine Durojaiye, mwana wa Ibidun wa nsomba zouma,
ndimayamba kusenda khoma ngati anyezi.

Pamwamba penipeni pali m'busa wa suti yoyera,
akulonjeza usiku wa zozizwitsa: kulowa ulere, mpando wolipira.
Iyeyu savuta kuchotsa. Phala lake la chinangwa silinaume.

Ntchito imayambira pansi pake.
Nayi nkhope ya amene anapambana chisankho,
pansi pake ya amene akuti anaberedwa,
pansinso ya amene anagwa chagada
nasamukira kwa wopambana sabata isanathe.
Onse atatu mano ofanana,
onse atatu anasindikizidwa ku Mushin pa makina amodzi,
ndipo mwini makinawo akulondolabe ndalama zake.

Ndikathira madzi, Julaye amatulukira ndi mzere wake wamatope.
Apa m'pamene chigumula chinalekezera, m'chiuno mwangamu,
tsiku lija minibasi zachikasu zinasanduka mabwato
anyamata n'kumabereka mabwana kumsana, naira mazana awiri,
chikwama pamutu, nsapato m'manja.
Mkulu wina pa wailesi anati ngalande zatsekeka ndi zinyalala zathu.
Mwina sananame.
Nanga ndalama za ngalandezo zinatsekeka ndi chiyani?

Pali katoni yolembedwa pamanja, inki yofiira:
mtengo wa petulo, wofufutidwa, wolembedwanso, wofufutidwanso,
mpaka wolembayo anatopa nangojambula makwerero.
Mwezi umenewo ndinkauyamba wapansi kuchokera ku Agege,
Morenike kunyumba atayamba kuwerenga timitengo ta machesi.

Chikwangwani cha aphunzitsi onyanyala ntchito chinang'ambika pakati,
mawu otsala ndi akuti "miyezi isanu."
Ndikachiyandikira maso amandiwawabe.
Kaya ndi utsi uja wa apolisi unalowa m'pepala,
kaya ndi maso angawa amene saiwala msanga.

Ichi ndikuchidziwa ndisanachifukule nkomwe.
Chidziwitso kwa amsika: chokani pasanathe masiku asanu ndi awiri.
Chinamatidwa Lachisanu, thalakitala inabwera Loweruka m'bandakucha.
Ndinachimata ndine.
Phala ndinaphika ndekha, losalala bwino, lopanda mibulu.
Benchi ya amayi inali yachitatu kuchokera kunjanji.
Sanandikalipire. Anangotola nsomba zawo m'fumbi,
kuzipukuta imodziimodzi pa nsalu yawo,
n'kundifunsa ngati ndadya.

Ndimapala, ndimapala.
Pansi padzaza zidutswa: khutu la khansala, theka la lonjezo,
nambala ya sing'anga wobweza mwamuna wothawa,
chigoli cha timu yathu chimene chinavinitsa mzinda usiku wonse
magetsi atazima, majenereta akutsokomola.

Tsopano chitsulo chayamba kulira pa simenti.
Januwale. Kapepala kosakwana chikhato changa,
chithunzi chofiirira ndi dzuwa, mtsikana wa yunifolomu,
Omolabake, zaka khumi ndi ziwiri,
anaoneka komaliza akuwoloka pompano ndi botolo la palafini.
Chaka chonse chinamuunjikira pankhope.
Ovota anadutsa, oguba anadutsa, madzi anadutsa,
iye ali pansi, akuyang'ana msana wa pepala lina.

Kapitawo Adegbite akukuwa kuti khoma liyere lonse.
Ndayimba nambala ija ndi mayunitsi anga omaliza.
Yayankhidwa isanaitane kawiri,
mawu a mayi, opanda moni: "Mwamuona?"

Ndazungulira m'mbali mwake ndi chopalira, pang'onopang'ono,
monga mmene wometa amapewera bala.
Kumbuyo kwanga anyamata afika kale ndi ndowa ya phala lotentha,
mpukutu wa nkhope zatsopano kukhwapa.
Ndawapempha malo a chikhato chimodzi.
Wamkulu wawo wayang'ana chithunzi, wayang'ana ine,
wasuntha makwerero ake pang'ono chakumanzere.