Chingwe Chikaduka

Lachitatu lija a Kachigwada sanalembe pa bolodi.
Anatitulutsa kuseri kwa kalasi
atanyamula ndowa yobwereka kwa mlonda
ndi chingwe cha khonje.
Anathira madzi theka, navula jekete,
nayamba kuizunguza:
pansi, m'mbali, pamwamba pa dazi lawo,
ndowa chadodolido, kukamwa kuloza dothi,
koma dontho ngakhale limodzi ayi.
Ife chete, kudikira kuti anyowe tiseke.

"Madziwa akugwa ndithu," anatero ali wefuwefu,
"koma ndowa ikutsika nawo limodzi.
Akusowa mpata wotulukira."

Nasiwelo, amene safunsa funso chaka chonse,
anakweza mkono:
"Nanga chingwe chikaduka?"

"Anthu amati mwala wozunguzidwa umathawa pakati.
Bodza. Ulibe chidani ndi dzanja.
Umangofuna kupita kumene waloza,
chingwe ndicho chimaukhotetsa, kuukokera m'kati.
Chikaduka, umanka molunjika, osacheuka."

Madzulo ndinali pa Kapiri,
pansi pa mtengo wa keshya pamene malume amakonza njinga.
Ya kabaza itagona chagada,
ndinapukusa pedulo ndi dzanja.
Matope a kwa Mkanda anachoka pa tayala, fwaa,
osati chozungulira ayi,
koma njo, kukamata pa malaya a mwini wake.

Ndinayang'ana sipoko imodzi.
Kufupi ndi habu imayenda ngati ikupita ku maliro,
ku limu ikuthamanga ngati yaba,
chonsecho zimafika limodzi, ulendo umodzi.
Malume sadziwa dzina la zimenezi.
Natiyo ikakana, amangolowetsa paipi ku sipanala,
mkono utalike, mphamvu yomweyo,
nati n'kulira, kwee, n'kugonja.

Pa benchi pomwepo pankakhala achimwene, a Dalikeni.
Zaka zisanu akuzungulira:
kumunda wa mtedza, kwa vendala, pa bawo, kunyumba,
kumunda wa mtedza.
Chimene chinkawakokera m'kati chinali mayi.
Tinawaika mayi mu Okutobala, dothi lili gwaa.
Pasanathe mwezi achimwene anakwera basi
imene anali ataiyang'ana kale ndi kale,
anadutsa pa Mwami, anadutsa Chipata.
Anthu amati anatithawa.
Ine tsopano ndikuti ayi.
Anapita kumene analoza.

Usiku magetsi atazima
ndinatsegula kope ndi tochi ya foni.
Chilichonse chimakoka chinzake, atero manotsi,
phiri la Mchinji ndi kachitsotso ka botolo,
ine ndi khasu lili pakhomopo.
Mtunda ukawirikiza kawiri
kukokako kumatsala gawo limodzi mwa anayi.
Katatu, limodzi mwa asanu ndi anayi.
Ndinagawa, ndinagawanso mpaka pepala kutha,
nambala kuonda ngati galu wa m'chilala,
koma sinafike pa ziro.

Ndinatuluka panja.
Mwezi unali pamwamba pa shedi ya fodya ya a Chimkwita.
Akuti nawonso ukugwa,
ukugwera kwa ife chiyambire,
kungoti uli ndi liwiro la cham'mbali,
ndiye dziko limaupindikira pansi, n'kuliphonya,
mawa n'kuliphonyanso.
Chingwe chake palibe anachiona,
palibenso mbewa inachitafuna.

Ngakhale ine woima chilili pabwalo pano
dziko likundizunguza kulowera kum'mawa,
ine, nkhokwe, mbuzi, manda a mayi,
osataya ngakhale mmodzi.

Foni inanjenjemera cha m'ma leveni.
Nambala yachilendo, ya manambala ambiri.
Inalira kamodzi n'kudula.
Ndilibe mayunitsi.
Ndinailemba kumapeto kwa kope la fizikisi,
pansi pa samu ija yosafika pa ziro,
ndipo mawa ndikapopa matayala khumi kwa malume
ndipeze yoimbira.